Njere za Chiwale Chomaliza

Mtengo wa chiwale umabereka kamodzi kokha, ndipo ukabereka umafa. Akuluakulu onse a m'mudzi wa kwawo kwa mayi Zelifa, kuseri kwa Nsaru, izi ankazidziwa bwinobwino, koma palibe adazikumbuka mpaka chaka chimene chiwale chomaliza cha m'dambo lawo chidalendewetsa mikoko ya zipatso. Apo mpomwe anthu adadzidzimuka, nayamba kuitanizana misonkhano. Anthufe ndi mmene tilili, chinthu timachiona kukoma chikamatsanzika.

Chiwalecho chidali m'dimba la Zelifa, chakumunsi kwenikweni kumene nthaka siuma ngakhale mu Okutobala. Dimbalo lidali la mayi ake, ndipo pamene ankamusiyira mudali mitengo ya chiwale khumi ndi umodzi, pafupifupi yonse italiitali, nthambi imodzi yokha kutalika kuposa nyumba. Masiku amenewo munthu ukafuna chitseko, makwerero, mpando kapena luzi losokera fodya, unkangopita kwa mayi akewo kukapempha, iwo n'kukulozera nthambi ziwiri zakunsi zoti udule. Mtengo sunkamva kanthu, chaka chamawa unkatulutsa zina.

Kenako idadza njala ya 2002 ija. Mwamuna wa Zelifa adali atamwalira chaka cham'mbuyo mwake, ndipo ana anayi ankangomuyang'ana m'maso. Kudabwera anthu okhoma mipando ochokera ku Msundwe ndi ngolo ziwiri, ndipo iye adawalola kusadza mitengo khumi mpaka kunsonga posinthana ndi gaga. Chiwale ukachidula kunsonga ndiye kuti wachipha. Udatsala mtengo umodzi wokha, chifukwa udali waung'ono woti sakadapezapo kanthu. Ana adapulumuka onse anayi, ndipo m'mudzimo padalibe amene adamuloza chala Zelifa, poti chaka chimenecho ena adakanganula malata padenga, ena adagulitsa mbuzi pamtengo wa nkhuku. Koma mwini wake sadadzikhululukire. Akamathirira ndiwo n'kuona zitsa zija zikuola, ankachita manyazi ngati mayi ake akumuyang'ana. Chimene ankafuna asanafe chidali chimodzi chokha, kusiya chiwale m'dimbamo monga adachipezera.

Ndiye pamene mtengo wotsalawo udabereka, iye atapitirira zaka makumi asanu ndi limodzi, mudzi n'kunena kuti tipange kalabu yoteteza chiwale, Zelifa adali woyamba kulembetsa dzina. Wapampando adasankhidwa a Hopeson Chisale, mphunzitsi wopuma pantchito, munthu wabwino ndithu koma wokhulupirira pepala kuposa maso ake. Alangizi a zankhalango adabwera pa njinga yamoto atanyamula machubu akuda aja odzalamo mbande. Tsiku limenelo pansi pa mtengo wa mango wa kutchalitchi padasonkhana anthu oposa makumi asanu ndi limodzi, chifukwa kudamveka mphekesera yoti kukhala zakumwa. Zakumwa kudalibe, koma poti anthu adali atabwera kale, adakhazikitsa malamulo: osadula chiwale, osatentha dambo, ndipo kuthirira nazale kuzikhala kosinthana, banja lililonse tsiku lake. A Hopeson adalemba zonsezo m'kope ndi cholembera chofiira.

Zipatso zitakhwima n'kuyamba kulakatika, zonyezimira, zamamba ngati nsomba, anthu adazitola, adazisenda, napeza njere zoposa zana. Njere ya chiwale ndi youma gwa, ukaiponya pamwala imalira. Adaziika m'machubu, adamanga mpanda wa udzu mozungulira, ndipo aliyense adapita kwawo akumva kuti wachita chinthu chachikulu.

Mwezi udatha, zii. Wachiwiri, zii. Mwezi wachitatu amuna adayamba kutuma akazi awo, wachinayi akaziwo adayamba kudwala mutu tsiku lawo likafika. Chitsime chidali patali, ndipo machubu zana samwa keni imodzi. Pofika mwezi wachisanu othirira adatsala awiri, Zelifa ndi mnzake Salome.

Salome adali wapampando wa amayi a chigwirizano ku mpingo wawo, mayi wamfupi wa mawu akulu, wodandaula msana chaka chonse koma wosakhala pansi. Iye ndi Zelifa adakhala benchi limodzi m'tchalitchi zaka makumi atatu, adalirana maliro, adabwerekana mchere ndi moto. Zelifa ankamuitana ndi mfunda wake, a Nambewe, ndipo Salome ankamuitana mnzakeyo ndi dzina la mwana wake woyamba.

"Amake Lydia," adatero Salome m'mawa wina akutula keni pansi, "ine msana wanga si wa boma. Tikuthirira miyala apa. Miyezi isanu! Ngakhale mwana m'mimba bwenzi pano akugunda."

"Tipirire pang'ono, a Nambewe. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Nkhono imeneyo muione nokha, mudzandiuze mmene maso ake alili. Ine kumunda kukundidikira."

Adaseka onse awiri, koma m'mawa mwake Salome sadabwere.

Mwezi wachisanu ndi chimodzi a Hopeson adang'amba chubu limodzi pamaso pa komiti. Njere idatuluka momwe idalowera, kungoti idada. Adatsegula kabuku kamene alangizi adawasiyira, nawerenga mokweza kuti mbewu za mitengo zimamera pasanathe milungu isanu ndi itatu. Kabukuko kankanena za bulugamu ndi kesha, za chiwale mudalibe, koma aphunzitsi akawerenga chinthu ndiye kuti nkhani yatha. Zelifa adayesa kunena kuti mayi ake sankadzala chiwale m'chubu, chinkangogwera m'matope n'kumera nthawi yake ikakwana.

"Mayi," adatero a Hopeson mofatsa, monga ankayankhulira ndi ana a sitandade wanu, "zakale zinali zakale. Njerezi zinafera m'kati. Machubuwa tikhuthule, tidzalemo bulugamu, mwina mudzi n'kupezako mitengo yomangira."

"Koma aphunzitsi, njere yofa imaola. Iyi yaola?"

"Siinaole, koma siinamerenso. Tisataye nthawi, mvula yayandikira."

Adakhuthula machubu onse kuseri kwa mpanda. Mwezi womwewo chiwale chachikulu chija, chomwe chidali chitauma kale, chidagwa ndi mphepo ya mvula yoyamba. Kalabu nayo idafera pomwepo, ngakhale kope lija lidakalipo mpaka lero.

Tsiku lokhuthula machubulo, anthu atabalalika, Zelifa adatenga beseni napita kuseri kwa mpanda kuja, nayamba kufukula dothi ndi zala ngati nkhuku. Adatola njere zonse zimene adazipeza, adaphimba pamwamba ndi nkhwani kuti wokumana naye aziyesa ndi ndiwo, nakazikwirira m'matope kumunsi kwa dimba lake. Sadauze munthu. Adali atatopa. Adatopa ndi misonkhano, adatopa ndi kufotokozera anthu osafuna kumva, ndipo koposa zonse adatopa ndi kusekedwa, pakuti pachitsime adali atamupatsa kale dzina loti Nachiwale. Akamadutsa, wina ankafunsa kuti, "Kodi ana aja ayamba kukwawa, a Nachiwale?" Iye ankaseka nawo, koma zinkamupweteka.

Dzinja limenelo lidatha, chilimwe chidabwera n'kupita. Malo amene adakwirira njerewo Zelifa sankawakhudza ndi khasu. Adasiya dawe, nsenjere ndi bango kuti zimere mmene zifunira, zizipereka mthunzi komanso zibise malowo kwa mbuzi ndi kwa anthu. Ankalima chigawo chakumtunda chokha, tomato pang'ono ndi mpiru. Odutsa m'njira ankapukusa mitu. Kwathu kuno dimba la thengo ndi manyazi a mwini wake, ndipo anthu adagwirizana kuti Zelifa wakalamba, khasu lamukanika. Kunena zoona, mphamvu zidali zikuthadi. Masiku ena ankafika kumunsi kuja, n'kupatula udzu, n'kupeza matope okhaokha, n'kukhala pachitsa nthawi yaitali osaganiza kanthu. Ena mwa masikuwo ankavomera mumtima kuti mwina aphunzitsi aja adanena zoona, kuti akungolondera manda. Koma m'mawa mwake miyendo inkamutengera komweko yokha.

Mu Febuluwale wa dzinja lachiwiri, patatha chaka ndi miyezi isanu ndi itatu chiikireni njere m'machubu, adapatula udzu monga mwa masiku onse, naona kanthu kosongoka, kobiriwira, kotalika ngati chala. Adayesa ndi mphukira ya bango. Adakakhudza, ndipo kadali kolimba mwa mtundu wina. Adafukula pambali pang'onopang'ono ndi chikhadabo mpaka adagunda njere, yakuda, itagwirana ndi kamphukirako. Zelifa adakhala pansi m'matope momwemo, chitenje chonse kunyowa, nalira monga sadalirire chimwalirireni mwamuna wake.

Kuyambira tsiku limenelo ankadzuka ngati mtsikana. M'mawa uliwonse ankalowa m'thengomo chogwada, n'kumapinda udzu ndi manja kuti kuwala kulowe pang'ono, koma osauzula, kuopa kugwedeza mizu. Lero ziwiri, mkucha zisanu, mlungu wina palibe, kenako zisanu ndi zitatu tsiku limodzi. Pakutha pa Malichi mphukira zidakwana makumi anayi ndi zitatu, zina zitayamba kutambasula tsamba loyamba. Munthu wosadziwa akadaziona akadati ndi udzu basi, pakuti chiwale chikakhala khanda sichisiyana kwenikweni ndi anansi ake a m'dambo.

Apa mpomwe padalakwika, ndipo tisamunamizire wina. Zelifa sadauzebe munthu. Ankati mimba ya mwezi umodzi salengeza pamsika, maso a anthu si onse abwino. Ankaopanso a Hopeson, kuti akangomva aitana alangizi ndi alendo a nsapato zawo, adzaima mozungulira kuti ajambulidwe, n'kupondaponda zonse. Koma pansi pa zifukwa zimenezo padali china chimene sankachivomera. Ankafuna tsiku lina adzaitane mudzi wonse, mbande zitafika m'mawondo, kuti amene ankamutcha Nachiwale adzasowe poyang'ana. Ngakhale munthu wofatsa amakhala nako kamtima kotere.

Lamulungu lina akuchokera kutchalitchi adatsala pang'ono kumuuza Salome. Mawu adafika pakamwa ndithu.

"A Nambewe, kumunsi kwa dimba kuja..."

"Ee, ndakuona," adamudula Salome. "Mwaweta njoka kumeneko, amake Lydia. Kapena mukudikira kuti miyala ija ibwere yokha kudzamera, eti a Nachiwale?"

Adanena mwanthabwala, akumugunda ndi chigongono, koma Zelifa adameza mawu ake. Adati mumtima, dikirani, mudzaona tikakolola.

Mu Epulo chibayo chidamugwira. Chidayamba ngati chimfine, tsiku lachitatu adalephera kudzuka pamphasa. Lydia, mwana wake uja, amene adakwatiwa ku Njewa, adabwera ndi galimoto yahayala napita naye kuchipatala ku Namitete. Adagonako milungu iwiri, ndipo atatuluka Lydia adakana kumubweza kumudzi, adamusunga kwake milungu ina itatu.

"Amayi, mukuthamangira chiyani kumudziko?" ankafunsa Lydia akamuona akuyang'ana kumsewu. "Dimba lija lakutherani mphamvu. Matope omwe aja ndiwo akudwalitsani. Ngati pali chimene chikukudetsani nkhawa nenani, ndiimbe foni kwa a Nambewe."

"Uwauze aziona nkhuku zanga."

"Basi?"

"Basi."

Mtima wake udali kudambo masiku onsewo, koma chimene ankaopa ndi mbuzi. Ankawerengera kuti anthu akamaliza kukolola azimasula, nadzitonthoza kuti mpanda wa dimba adaukonza yekha mu Januwale, ngolimba. Za anthu sadade nazo nkhawa. Ndani angalowe m'thengo la mwini wake, lopanda ngakhale tomato woti n'kuba?

Adabwerera kumudzi kumapeto kwa Meyi, kutayamba kuzizira, pa njinga yamoto ya kabaza kuchokera pa Nsaru. Pakhomo pake adapeza amayi a chigwirizano atadzaza, onse m'mabulauzi oyera ndi mipango yoyera, pabwalo posesa, pakhonde pozira, nkhuni zitaunjikidwa pafupi ndi khitchini. Adamulandira ndi nyimbo, adamukhazika pamkeka, adapemphera. Zelifa adamva kukoma mumtima, chifukwa matenda ndiwo amakuonetsa amene ali ako. Atatha kumwa thobwa, Salome adaimirira akumwetulira ngati munthu wobisa chinthu kumbuyo.

"Amake Lydia, kodi miyendo ili ndi mphamvu zofikira kudambo? Amayiwa ali ndi kanthu koti akuonetseni."

Zelifa adaika chikho cha thobwa pansi. Adayang'ana manja a amayi amene adakhala naye pafupi, naona matuza.

Amayi a chigwirizano ali ndi mwambo wawo, ndipo ndi mwambo wabwino. Mnzawo akadwala nthawi ya ntchito, amanyamula makasu n'kukamulimira, osamufunsa, chifukwa ukamufunsa wodwala amakana ndi manyazi. Zelifa yemweyo adalimirapo anzake kosawerengeka. Kungoti m'masiku onse amene adagona kuchipatala sizidamubwerere m'mutu kuti tsiku lina wolimiridwa adzakhala iye.

Adayenda pang'onopang'ono, Salome atamugwira mkono, amayi akuimba pambuyo. Asanafike n'komwe pampanda adazindikira kuti maso ake akudutsa dimba lonse mpaka kukafika kutsidya kwa dambo, chinthu chimene sichidachitike kwa nthawi yaitali. Thengo lija kudalibe. Kuyambira kumtunda mpaka kumunsi kudali mabedi okhaokha, owongoka ngati adachita kuyeza ndi chingwe, nthaka yakuda yofewa, mpiru ndi repu zitamera kale timasamba tiwiritiwiri. Pakona padali mulu waukulu wa phulusa.

"Tinalipo amayi makumi awiri ndi awiri," adayamba Salome, mawu ali m'mwamba kuti onse amve. "Masiku atatu, kuyambira mbandakucha. Mbewu za ndiwozi anatipatsa ndi mayi Ummi a pagolosale pa Nsaru paja, atamva kuti mwadwala. Akuti pa matenda palibe Msilamu, palibe Mkhristu. Kumtundaku kunali kosavuta. Koma kumunsiku, amayi inu! Udzu wake wokakamira, mizu ngati waya. Tinati tikangopala pamwamba uphukanso, ndiye tinagalauza mpaka pansi, tinazula kalikonse, tinaanika, tinatentha. Mayi Eunice awa khasu linawathyokera pomwepa. Ine msana uno masiku awiri sindinawerame. Koma tinati mnzathu asabwerere kuthengo ngati alibe abale."

Amayi adaomba m'manja. Onse adamuyang'ana Zelifa, nkhope zowala, kudikira mawu ake. Iye adayang'ana bedi lomaliza lakumunsi, pamene padali mbande zisanu ndi ziwiri zazikulu kuposa zinzake. Adafuna kukuwa. Adafuna kumugwira Salome pabulauzi yoyerayo n'kumugwedeza mpaka mpango ugwe. Koma adaonanso Eunice uja, mayi woyembekezera wa miyezi isanu ndi iwiri, amene adathyolera khasu lake lokhalo m'dimba la mnzake. Adaona nkhalamba zinzake zimene zidasiya chimanga chawo pamunda chosakolola kuti zidzapinde misana pano. Anthu otere ukawauza kuti mwandiphera, mawa adzalimiranso ndani?

Adagwada movutikira, naomba m'manja mwaulemu.

"Amayi anzanga, ndilibe mawu. Zimene mwachitazi ine sindikanatha. Mulungu akubwezereni pomwe mwachotsa. Zikomo, zikomo kwambiri."

Misozi idatsika, ndipo amayi ataiona adaimba nthungululu, poyesa kuti ndi ya chimwemwe.

Adapempheranso, nayamba kubwerera kumudzi awiriawiri. Zelifa adati atsalira pang'ono kuti apume, aone bwino ntchito yawo. Atatsala yekha adapita pamulu wa phulusa paja, nagwada, nalowetsamo manja. Phulusa lidali lozizira, la masiku ambiri. Adapeza njere imodzi, kenako ina, kenako zambiri, zonse zopserera, zong'aluka. Imodzi idali ndi kachitsa ka mphukira kakadali pomwepo, kodulidwa bwinobwino ndi khasu lakuthwa. Adadzuka, adazungulira m'mbali mwa mpanda, adasuzumira m'ngalande, mwina ina idapulumuka. Koma amayi a chigwirizano akagwira ntchito sasiya kanthu. M'dambo lonselo, ndi m'madambo oyandikana nalo mpaka kukafika ku Kabudula, iye sankadziwa kumene kudatsala chiwale china choti n'kudzabereka. Sadalirenso. Adabwerera pamulu paja, akumva kutopa kochokera m'mafupa, koposa kwa chibayo chija.

"Kodi mukufuna chiyani m'phulusamo?"

Adali Salome, amene adabwerera panjira poona kuti wodwala akuchedwa. Zelifa adafumbata dzanja msanga.

"Palibe. Ndimaona ngati phulusali lingathandize m'mabedimu."

"Amake Lydia, ine ndinakudziwani Lydia ali kumsana. Tambasulani dzanjalo."

Zelifa adakana ndi mutu. Salome adawerama ndi msana wake wowawawo, nagwira dzanjalo, natambasula zala chimodzichimodzi. Adaiyang'ana njereyo nthawi yaitali. Masiku olima aja makasu ankalira pa timiyala takuda tokutidwa ndi matope, iye n'kumauza anzake kuti atole aponye pamulu. Tsopano matope atapserera, adaizindikira. Adakhudza kachitsa ka mphukira kaja ndi chala, nayang'ana phulusa, nayang'ana mabedi.

"Zinamera?" adafunsa ndi mawu aang'ono amene Zelifa adali asanawamvepo.

"Zinamera."

"Zingati?"

"Makumi anayi ndi zitatu."

Salome adakhala pansi mwadzidzidzi, pakati pa bedi, zovala za chigwirizano zonse m'dothi. Zelifa adamumvera chisoni. Mkwiyo uja udali utaphwa, ndipo adakonza mumtima mawu abwino omukhululukira nawo mnzake, mawu a munthu wamkulu.

"Musadandaule, a Nambewe. Simunadziwe, munabwera ndi mtima wabwino. Chokhacho ndikupempha, amayi aja musawauze, makamaka Eunice. Zithere pompano. Ine ndakukhululukirani."

Salome adadzutsa mutu. M'maso mudali misozi, koma nkhope sidali ya munthu wopepesa.

"Mwandikhululukira? Inuyo?" adatero. "Mwamuna wanu atamwalira ine ndinagona kwanu mwezi wathunthu, ana anga ndinawasiyira eni mudzi. Ndiye zimere, makumi anayi ndi zitatu, inu n'kumakhala nane Lamulungu lililonse, kumaimba nane buku limodzi, muli duu? Munkandiyesa mfiti kodi? Kapena mbuzi?"

"Munkandiseka."

"Ndinkakusekani, ee! Nanga mnzako sumuseka? Ndikapanda kuseka inu ndiseke ndani? Mukanangoti, a Nambewe, bwerani mudzaone. Basi. Bwenzi ine nditaima pampandapa ndi khasu, wofuna kulowa adutse kaye pa ine. Bwenzi titazipalira ndi manja, imodziimodzi. Koma mwandisiya ndizitenthe ndi machesi anga, ndikuimba nyimbo. Moto umenewu ndinayatsa ndine, amake Lydia. Ndine. Ndiye mukuti ndisauze munthu, ndizingoyenda nazo. Ndiziyenda nazo bwanji zimenezi?"

Zelifa adatsegula pakamwa kuti atchule a Hopeson, alendo, maso a anthu. Zifukwa zonse zija, zimene zinkamveka zanzeru ali yekha, pamaso pa Salome zidapepuka ngati mankhusu. Chidatsala chenicheni chokha, choti ankafuna kudzachititsa anthu manyazi, ndipo pakati pa anthuwo adaikapo ndi mayi ameneyu, wokhala m'dothi ndi matuza m'manja chifukwa cha iye. Manyazi adamugwira iye mwini, ndipo adali olemera kuposa chisoni cha mbande.

Adatsika pang'onopang'ono, mawondo akulira, nakhala pambali pa mnzakeyo pabedi lomwelo.  Kumudzi nyimbo ya amayi idali ikumvekabe patali.

"A Nambewe," adatero Zelifa, "wolakwa ndine. Ndikhululukireni."

Salome adapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango, nafwenthera pambali.

"Lero ayi," adatero. "Mwina Lamulungu. Dzukani, kwazizira, mungadwalenso."